Ndudu zitatu za a Chibwana

Ndikawakumbukira a Chibwana, chimayamba kundifika ndi fungo la masamba a bulugamu owira m'chitini chakuda, nthunzi yake ikuyenda pabwalo lonse m'mawa wa mwezi wa Juni, chisanu chitayeretsa udzu ngati wina wawazapo ufa. Ankakhala pakhomo pawo pa kreti yozondotsa, atafunda bulangeti mpaka kumutu, chitini chili pakati pa miyendo, ndipo mkati mwa bulangetimo chifuwa chawo chinkalira ngati chitseko chosowa mafuta. Akamaliza ankavundukula nkhope ili thukuta lokhalokha, n'kutsokomola kanayi kasanu, kenaka n'kupereka moni ndi mawu oti ngakhale wodutsa kumsewu ankatha kuyankha.

"Mwadzuka bwanji apabwalo pano!"

Sikuti anali munthu wokonda phokoso ayi. Anali ogontha. Zaka zimene anakhala mumgodi akuboola mwala zinawadyera makutu ndi mapapo omwe, n'kuwasiyira manja. Kuti akumve unkayenera kuima patsogolo pawo, kuwayang'ana m'maso ndi kukuwa ngati ukuitana munthu kutsidya la mtsinje.

Tinkakhala ku Randburg, kuseri kwa nyumba ya mayi wina, mwini malowo, amene tonse tinkangomutcha mastandi. Zipinda zinali zisanu zondondozana, mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi, mikangano ndiye osanena. Ine ndi amayi tinali m'chipinda chachiwiri, poti bambo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Chakumapeto chinali cha a Chibwana ndi akazi awo, Gogo MaNdlovu, mayi wa Chizulu wojintcha amene Chichewa ankachimva bwinobwino koma ankachilankhula akakwiya basi. A Chibwana anachoka ku Dedza ali mnyamata. Atatuluka mumgodi anaphunzira kukonza magalimoto pagalaja ina m'tauni, koma pamene ine ndinkawadziwa n'kuti atasiya kalekale. Adokotala anawaletsa fumbi, utsi ndi fodya, ndipo Gogo MaNdlovu ankalondera lamulolo kuposa wapolisi.

Amayi anagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton zaka zambiri, kunyamuka ine ndisanadzuke, kubwera maso anga atalemera kale ndi tulo. Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi anati basi zakwana. Anatenga zonse zimene anasunga n'kugula galimoto yakale yofiira, yotalika kumbuyo, n'kuyamba kunyamula ana a anthu kupita nawo kusukulu ndi kukawatenga. Ana asanu ndi awiri kumbuyo, ine kutsogolo ngati bwana. Abale inu, kunyada kwake! Masana tinkafika kunyumba limodzi, amayi n'kumandiluka tsitsi dzuwa likadali pakhoma, ine n'kumawauza nkhani zonse za m'kalasi, zoona ndi zabodza zomwe.

Analinso ndi kageni kena. Mwezi uliwonse ankapita ku Park Station kukalandira thumba la usipa lochokera kumudzi pa basi, n'kumagulitsa kwa Amalawi anzathu kutchalitchi. Koma mastandi analumbira kuti nsomba zouma sizidzalowa m'zipinda zake, ati fungo lake limakakamira m'makoma. Ndiye amayi, mwanzeru zawo, ankabisa thumbalo m'galimoto, kumbuyo, pamalo a tayala lapadera. Ana akagwira mphuno, amayi ankati, "Ndi masokosi anu amenewo, muziwachapa."

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho galimoto inayamba kudwala. Ikamathamanga inalibe chifukwa. Koma ikangoima pa maloboti, injini inkayamba kukwera ndi kutsika yokha, vuuu m'mwamba, kenaka pansi, n'kunjenjemera mpaka magalasi kuchita gwedegwede, kenaka zii. Amayi anaphunzira kuponda buleki ndi chidendene uku chala chikugwedeza mafuta, milomo ikupemphera, kumbuyo oyendetsa matekisi akuliza mahutala ndi kukuwa kuti, "Hamba, mama!" Anyamata okonza magalimoto a pakona anasintha mapulagi, koma sizinathandize. Anapotokola kasikuluwu kena kuti injini izilira mokweza, galimoto n'kumabangula itaima, petulo akutha ngati madzi, koma kukwera ndi kutsika kuja osasiya. Mapeto ake anapukuta m'manja n'kunena kuti injini yatha, agule ina.

Lachisanu lina inazima pakati penipeni pa mphambano yaikulu, tonse tili momwemo. Lole inaima pafupi kwambiri moti ndinaona ntchentche zofera pagalasi lake. Palibe anavulala, koma ana ali ndi pakamwa. Madzulo ake foni ya amayi sinapume, ndipo makolo onse ananena chimodzimodzi: Lolemba galimoto ikhale itachira, apo ayi apeza wina.

Loweruka m'mawa amayi anapita m'tauni, n'kubwera ndi chikwama chatsopano cha shangani, chija cha mizeremizere. Ine ndinkatsuka mbale pampopi, ndipo ndinangoti n'cha usipa. Anadutsa osandiyang'ana, n'kukagwada patsogolo pa a Chibwana amene ankaothera dzuwa pa kreti yawo. Gogo MaNdlovu anali atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi kwawo, ndipo abambo ena onse apabwalo anali kuntchito, ena kulondera, ena m'magadeni a azungu.

"Agogo, tangoiyang'anani chabe galimoto ija!" amayi anakuwa.

A Chibwana anapukusa mutu. "Nangozo, mwana wanga, injini imakonzedwa ndi khutu. Ine khutu ndinalisiya pansi pa nthaka. Ndikakunamiza bwanji?" Kenaka analoza ndi ndodo yawo. "Nanga chikwamachi n'cha ndani? Ukupita kumudzi?"

Amayi anayankha chapansipansi.

"Ati?"

Anabwerezanso, mokwezako pang'ono, atapenya pansi.

"Lankhula ngati munthu wadya, Nangozo! Ati chiyani?"

Pamenepo amayi, kaya ndi kutopa kaya ndi mkwiyo, anakuwa ndi mphamvu zawo zonse. "N'cha Ulemu! Ine ndikubwerera kwa madamu aja a ku Sandton, akuti ndizigona konko, ndipo mwana sakumufuna! Akwera basi Lachitatu, akakhale ndi azakhali ake ku Ntcheu!"

Ulemu ndi ine. Mbale inandipulumuka n'kugwera pasimenti, ngwee! Ku Ntcheu ndinkangokuona pazithunzi, ndipo azakhaliwo ndinali ndisanawaonepo chibadwire. Amayi anatembenuka, n'kundiona, n'kugwira pakamwa. Chinsinsi chimene anagona nacho osandiuza chinali chitamveka mpaka kukhitchini kwa mastandi. Sindinalire. Ndinangoima, manja ali thovu.

A Chibwana anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsamira ndodo, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Tsegula boneti," anatero.

Mmene munthu uja ankagwirira ntchito sindidzaiwala. Anatulutsa bokosi lachitsulo pansi pa bedi lawo, n'kuyala zipanera pansanza motsatana kukula kwake. Anaitanitsa kapu ya madzi n'kuikhazika pachivundikiro chozungulira cha pamwamba pa injini. Amayi ataliza galimoto, iwo anaika chikhatho pachitsulo, n'kutsinzina. Madzi m'kapu ankavina, kutayikira mbali iyi ndi iyo, ndipo nkhope yawo inkasintha limodzi ndi injini, ikakwera nsidze m'mwamba, ikatsika milomo n'kukwinyika. Anazula mawaya a mapulagi limodzilimodzi, n'kumabwezera. Anayang'ana kasefa ka petulo padzuwa. Anabweza kasikuluwu kamene anyamata aja anapotokola, uku akudandaula okha.

"Mwana akulira ndi m'mimba, iwo akuti tikweze wailesi. Aikona!"

Amayi ankangoyang'ana dzuwa, poti nthawi inkapita. "Agogo, kodi mwachiona?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha osatukula mutu.

Cha m'ma leveni anawongoka n'kupukuta manja. "Injini siinathe iyi. Ikuba mpweya." Ataona kuti sitikumva, anafotokoza. "Injini imadya petulo ndi mpweya zoyeza bwino, ndipo mpweya uli ndi khomo lake lolowera. Tsono penapake pabooka, mpweya wina ukulowera pazenera. Ikamathamanga siziwoneka, poti chakudya n'chambiri. Ikaima chakudya chimachepa, ndiye kampweya kakubako kamasukulutsa zonse, ngati kuthira madzi m'ndiwo zochepa. Pobookapo pamalira kuti tsiii. Wamakutu akhoza kumva."

Anadula kachidutswa ka paipi yothirira maluwa, mbali ina n'kuika kukhutu kwa amayi, ina n'kumaiyendetsa m'makona a injini. Amayi anamvetsera mpaka misozi kulengeza. "Ndikungomva phokoso lokhalokha, agogo!" Anandiyesa ine, chimodzimodzi. Makutu tinali nawo koma osadziwa chomvera, ndipo wodziwa chomvera analibe makutu.

A Chibwana anazimitsa galimoto n'kukhala pa kreti, kudikira kuti injini izizire. Kenaka anavala chipewa n'kutuluka pageti. Anabwera kuchokera kukashopu ka pakona atafumbata ndudu zitatu.

"Agogo, ayi!" amayi anakuwa. "Adokotala anakuletsani!"

"Sindikusuta ine. Ikusuta ndi galimoto."

Anachotsa chivundikiro chija, n'kutseka kukamwa kwa kabuleta ndi pulasitiki ya buledi, n'kumanga ndi mphira. Anazula paipi yonenepa yopita ku mabuleki n'kupukuta kumapeto kwake. Nzeru yake inali yoti akauzira utsi m'paipimo, khomo lili lotseka, utsiwo usowa kopita ndipo utulukira pobooka paja. Amayi analanda ndudu yoyamba kuti auzire okha. Mayi wa Mvano, chibadwire osalawapo fodya! Anakoka kamodzi, maso n'kutuzuka, utsi wonse n'kutulukira m'mphuno, n'kukhala pansi akutsokomola. Anayesanso, zomwezo. Theka la ndudu linapita chabe.

A Chibwana anaitenga. Anapatuka kutali ndi petulo, n'kukoka utsi wodzaza masaya, n'kubwera kudzauzira m'paipi, chala chikutseka pakamwa pa paipiyo akamapuma. Ndinkaona misempha ya m'khosi mwawo ikutupa. Kuuzira kulikonse kunkatsatana ndi chifuwa chowapinda pakati, dzanja limodzi litagwira galimoto. Ndudu yoyamba inatha, osaona kanthu. Anayatsa yachiwiri.

Ili pakati, geti inalira. Gogo MaNdlovu analowa atavala yunifolomu yawo ya kutchalitchi, ndipo chimene anaona ndi amuna awo ali ndi ndudu pakamwa.

"Hawu! Uyahlanya, madala?" Kenaka Chichewa chinabwera, ndipo tonse tinadziwa kuti zavuta. "Mwapenga inu? Mukufuna kufa? Zaka zonsezi ine ndikuwiritsa masamba, inu mukuyatsa fodya? Nawe Nangozo, ukungoyang'ana?"

Tsiku limenelo ugonthi unawathandiza. Anangotembenuzira nkhope ku injini kuti asaone milomo ya akazi awo, n'kuyatsa ndudu yachitatu ndi kotsala ka yachiwiri. Milomo yawo inali itayamba kuda tsopano. Gogo MaNdlovu anazungulira mbali ina ya galimoto kuti akalalate pamaso pawo, n'kuweramira m'boneti chala chili m'mwamba. Mwadzidzidzi mawu awo anaduka. Chala chija chinatsika n'kuloza kuseri kwa injini, pansi, pafupi ndi khoma lachitsulo.

"Nanku! Si uwu utsi wanuwo, opusa inu!"

Kautsi kopyapyala ngati ulusi kankakwera kuchokera mumdima, pamalo oti diso silikanafikapo. A Chibwana anataya ndudu n'kuiponda. Analowetsa mkono mpaka paphewa, n'kutulutsa kapaipi kamphira kochepa ngati chala cha mwana, kolumidwalumidwa mbali imodzi. Analowetsanso, n'kutulutsa chisa cha tizidutswa ta nyuzipepala ndi ulusi wa thumba. Kachitatu anatulutsa timitu ta usipa todzaza dzanja.

Anakweza timituto m'mwamba kuti tonse tione, akupuma movutikira koma maso akuseka. "Nangozo, makaniko wako wina ndi uyu. Khoswe wa Joni wadya usipa wa kumudzi, wapeza pogona pofunda, ndiye n'kumatsukuluza m'kamwa ndi paipi yako."

Amayi anabisa nkhope m'chitenje. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikhulupirira kuti iwonso sanadziwe. Thumba la usipa linatuluka m'galimoto nthawi yomweyo, ndipo Gogo MaNdlovu, akadali kulalata, analitenga n'kukaliika m'ndowa yawo yachitsulo yokhala ndi chivundikiro. Anati mastandi akafuna kulankhula abwere alankhule ndi iwo.

Kukonza kwenikweniko sikunatenge nthawi. M'bokosi muja munali kapaipi kena kosungidwa kaya kuyambira liti. A Chibwana anakadula muyeso, n'kuviika nsonga zake m'madzi otentha kuti zifewe, n'kukalowetsa ndi zala osaona n'komwe. Anachotsa pulasitiki, kubwezera paipi ya mabuleki ndi chivundikiro, n'kukhazikanso kapu ya madzi. Amayi analiza injini. A Chibwana anaidikira kuti itenthe, ndiye n'kuyamba kupotokola timasikuluwu tiwiri ta pakabuleta, pang'ono chabe, n'kudikira, pang'ononso, chikhatho china chili pachitsulo. Madzi m'kapu anasiya kuvina. Anatsala ndi timizere tozungulira tating'onoting'ono, ndipo injini inkangoti ndrrr, mofanana, osakwera osatsika.

"Chotsa phazi," a Chibwana anauza amayi.

"Ndachotsa kale, agogo!"

Anagwedeza mutu, n'kufuna kunena kanthu, koma chifuwa chinawagwira. Ulendo uno sichinawasiye. Amayi ndi Gogo MaNdlovu anawanyamula m'khwapa kulowa nawo m'nyumba, zipanera zili mbwee pansanza.

Lamulungu m'mawa mpweya unkawavuta kwambiri moti tinawatengera kuchipatala pagalimoto yomweyo. Gogo MaNdlovu anakhala nawo kumbuyo atawakumbatira. Pakati pa kwathu ndi kuchipatala panali maloboti ambirimbiri, ndipo tsiku limenelo ngati dala onse ankatipeza ofiira. Pa loboti iliyonse amayi ankaima mtima uli m'mwamba, koma galimoto inkangodikira mwaulemu. Nditacheuka ndinaona a Chibwana, maso ali otseka, chikhatho atachigunditsa pachitseko. Pa loboti yachinayi anatsegula diso limodzi.

"Ili bwino," anatero, n'kutsekanso.

Anagonekedwa masiku asanu. Lolemba amayi ananyamula ana onse asanu ndi awiri, n'kuwafikitsa belu lisanalire. Lachitatu linafika n'kudutsa, ine ndili m'kalasi. M'chikwama cha shangani chija amayi anasungiramo mabulangeti.

A Chibwana atatuluka m'chipatala, amayi anandituma kuti ndikawathokoze. Ndinawapeza pa kreti yawo, ataonda, jekete ikuwakulira. Ndinagwada monga anandiphunzitsira, koma m'malo mothokoza ndinafunsa chimene chinkandivuta mumtima.

"Agogo, munasutiranji fodya mukudziwa kuti mudwala?"

Anandiyang'ana milomo, n'kumva. Anasisita bondo.

"Iwe mdzukulu, ine ndinasiya mwana wanga ku Dedza ali ndi mano awiri. Ndinati ndikagwire chaka chimodzi ndibwere. Pano ali ndi zidzukulu, ndipo akandilembera kalata amayamba ndi kuti Okondedwa a Chibwana. Sindimudandaula, bambo wake sakumudziwa." Anatsokomola pang'ono. "Basi yopita kumudzi imathamanga, koma yobweza mwana kwa make imachedwa. Pita ukasewere."

Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti zikomo, chapansipansi, ngati mwana wamakhalidwe. Iwo n'kuti akuyang'ana kumsewu. Sanaone milomo yanga, sanamve kanthu. Ndinadzuka n'kuthawa, ndikudziuza kuti ndidzanena bwino tsiku lina. Mwana amaona ngati nkhalamba ya pakhomo idzakhala pa kreti mpaka muyaya. Anakhala zaka zina zitatu, tsiku lililonse ndikuwadutsa ndi moni wokuwa, koma mawu amodzi aja manyazi ankandigwira nawo. Anamwalira ndili ku sekondale, ndipo tinawaika konkuno ku Joni.

Ine ndinakula ndi amayi anga. Tsiku limene ndinatha msinkhu anali m'chipinda chomwecho, tsiku limene ndinalephera masamu anandikalipira pamaso osati pafoni, ndipo lero akukalamba m'nyumba mwanga, akukangana ndi ana anga za wailesi yakanema. Zonsezi anandipatsa ndi munthu amene sanali m'bale wathu, ndi mpweya wochepa umene unamutsalira. Zimandiwawa mpaka pano kuti sanamve kuthokoza kwanga.

N'chifukwa chake ndili ndi khalidwe limene ana anga amachita nalo manyazi. Munthu akandichitira chabwino, kaya ndi wothira petulo, kaya ndi namwino, kaya ndi mlonda wa pageti, ndimaima patsogolo pake, kumuyang'ana m'maso, n'kunena mokweza mpaka anthu kucheuka. Mwana wanga wamkazi amandikoka dilesi n'kumati, "Amama, eish, munthuyu si wogontha." Ine ndimati ndikudziwa, koma ndikufuna ndione ndi maso angawa kuti wamva.